686 yakale kapena yatsopano? Ndithandizeni maganizo abale anga

Bambo a Tadala: Moni nonse pagulu pano. Safunsa anadya phula, ndiye ndati ndifunse. Kwa miyezi ingapo ndakhala ndikusunga kandalama kuti ndigule mfuti yam'manja ya revolver, Smith & Wesson 686 yowombera zipolopolo za .357 Magnum, ya paipi ya mainchesi 6. Loweruka ndinalowa mushopu ina kuno ku Indiana, ku America, kufupi ndi South Bend ndiye ndinapeza ziwiri zitagona mugalasi limodzi, ina yatsopano ya m'bokosi yomwe ili ndi kabowo ka loko cha kumanzere pamwamba pa kotsegulira silinda, inayo ndi yakale yogwiritsidwapo ntchito, mukatsegula silinda pafelemu analemba 686-4 ndipo kabowoko kalibe. Chomwe chandibalalitsa mutu ndi choti yakaleyo ikudula kuposa yatsopano ndi madola 50. Chinthu chogwira kale ntchito nkumadula kuposa chatsopano? Ine ndikufuna yomakawombera ku range, malo ophunzirira kuwombera, Loweruka lililonse komanso kukasakira agwape November akafika. Ndigule iti?

Ankolo aku Texas: Mwana wanga tenga yakaleyo usachedwe, mawa ukaipeza itapita. Dash 4, ndiye kuti 686-4 waionayo (nambala yakumapetoyo imasintha akasintha kapangidwe), ndi imene anthu amaisakasaka chifukwa ndi yomaliza kukhala ndi hamala ndi trigger za chitsulo chosula, ndipo kamsomali kogogoda chipolopolo kali pahamala penipeni. Itabwera dash 5 cha m'ma 1997 anasintha, kamsomaliko anakasamutsira mufelemu ndipo tizitsulo tam'kati anayamba kupanga mwa njira ya MIM. Kenako 2001 ndi pomwe anabweretsa loko uja pa dash 6. Mtengo wakwera chifukwa sakupanganso, basi.

Amakanika aku Elkhart: Ankolo ulemu wanu, koma pa MIM pokhapo ndiloleni ndiyankhulepo chifukwa ine zitsulo ndi ntchito yanga, tsiku lonse ndimakhala pa lathe. Anthu akamva MIM amaganiza kuti ndi chitsulo chabodza ngati cha mapoto otchipa aja. Sichoncho ayi. Amatenga ufa wa chitsulo wosalala kwambiri, nkusakaniza ndi zomatira, nkuupopera muchikombole, kenako amachotsa zomatirazo nkuwotcha mung'anjo mpaka ufawo ugwirane kukhala chitsulo chimodzi. Chotuluka chimakhala chofanana ndendende ndi chinzake, chachikwi chimafanana ndi choyamba, ndiye munthu sakhalanso pansi ndi tupa kumapala kuti chilowe. Ndi chifukwa chake kampani inachikonda, ntchito yamanja inachepa. Tizitsulo totere tili mugalimoto zomwe tikuyendetsazi ndipo palibe amadandaula.

Ankolo aku Texas: Zafananazo ndamva. Koma iwe unayamba wakokapo trigger ya yakale yomwe yawomba zipolopolo zambirimbiri? Imayenda ngati mwaithira batala. Manja a munthu anadutsapo pamene paja.

Amakanika aku Elkhart: Ndinakokapo ankolo ndipo sindikukana, imakoma. Koma kusalala kwambiri kumeneko kumabwera ndi kugwira ntchito, zitsulo zimapalana zokha zaka 30. Yatsopanonso mukaiwombetsa kwa nthawi imafewa.

Bambo a Tadala: Nanga za loko uja? Mnyamata wa mushopu anangoti anthu samukonda koma sanandiuze chifukwa chake

Ankolo aku Texas: Nkhani ya lokoyo ndi yaitali, ili ndi ndale m'kati. M'chaka cha 2000 mwezi wa March kampaniyi, nthawi imeneyo eni ake anali a Tomkins aku Britain, inasainirana pangano ndi boma la Bill Clinton kuti isintha zina pa kapangidwe ndi kagulitsidwe ka mfuti. Ogula kuno anakwiya koopsa, ananyanyala kugula, bizinesi inagwa pansi. 2001 kampani yaing'ono ya ku Arizona yotchedwa Saf-T-Hammer, yomwe ntchito yake inali maloko a mfuti, inagula Smith & Wesson yonse pa madola 15 miliyoni, ndiye loko anangolowa mumfuti. Ndiye kwa anthu ambiri kabowo kaja sikabowo chabe, kamawakumbutsa mkwiyo wa nthawi ija. Ine pandekha ndimadana nako chifukwa kamaipitsa nkhope ya mfuti, ndiponso chinthu chomwe ntchito yake ndi kuletsa mfuti kuwomba sindichifuna m'kati mwa mfuti yanga.

Mlenje wa ku Michigan: Ndilowepo pang'ono. Madandaulo oti loko anadzitseka yekha powombera alipo, koma mukawatsata bwino ambiri amakhudza timfuti topepuka kwambiri tija ta scandium tomwe timakankha mwamphamvu munthu akaikamo zipolopolo zaukali. 686 ya mainchesi 6 ndi chitsulo cholemera, imadutsa kilo imodzi, siigwedezeka choncho. Yanga ndi dash 6, ndakhala nayo zaka 9, kiyi wake ali m'bokosi momwe anabwerera sindinamugwirepo, ndipo siinandikanikepo ngakhale kamodzi kuthengo kaya ku range.

Achemwali a Nesi: Pepani abambo inu ndikudulani pakamwa. Mukukamba za loko ngati chinthu chonyansa koma a Bambo a Tadala ali ndi ana awiri m'nyumba, wamng'onoyo sanakwane ndi zaka 5 zomwe. Ine ndimagwira ku emergency ndipo zomwe ndaonako sindingazilembe pano. Funso langa ndi loti mfutiyo izikagona kuti? Mayi a Tadala mwakambirana nawo?

Bambo a Tadala: Achemwali mwafunsa bwino ndipo sindikukwiya. Takambirana, ndipo lamulo lawo ndi loti sefa ilowe m'nyumba kaye mfuti isanabwere. Sefayo ndagula kale, ndaimangirira pansi ndi mabawuti mu closet, zipolopolo zizikhala kwina kokhoma pazokha.

Achemwali a Nesi: Zikomo, mtima wanga wakhala pansi. Ndiye ngati sefa ilipo kaloko kam'kati kaja sikangakhale kodalira, ana amapeza makiyi paliponse pomwe mwabisa. Pitirizani nkhani yanu.

Amakanika aku Elkhart: Apo achemwali mwalasa. Loko wam'katiyo si sefa, ndipo kusowa kwake si chifukwa chosiyira yakaleyo.

Mphwanga wa ku Area 25: Akuluakulu ine ndikungowerenga ndili kuno ku Lilongwe mutu ukuzungulira. Ndiye kumeneko munthu umangolowa mushopu nkugula mfuti ngati ukugula shuga? Kuno mpaka chilolezo cha ku polisi ndipo si zamasewera. Ine mfuti yomwe ndinaigwirapo ndi gogodera ya agogo kumudzi basi, yothira wonga kukamwa ija.

Bambo a Tadala: Mphwanga si ngati shuga ayi. Pogula kushopu umadzaza fomu yotchedwa 4473, amakufufuza kudzera ku FBI ngati ulibe milandu, ndipo mfuti yam'manja ngati iyi sakugulitsa usanakwane zaka 21. Ine ndili ndi green card ndiye ndikuloledwa. Amene ali pa visa ya sukulu kapena yongocheza malamulo ake ndi ena, okhwima, asamangotengera ine.

Mlenje wa ku Michigan: Ndipo izi anyamata obwera kumene azimve bwino, kunama pafomu imeneyo ndi mlandu waukulu wa boma, ukhoza kutaya mapepala ako onse. Tibwerere ku agwape. Achimwene ku Indiana kwanuko .357 Magnum ndi yololedwa posaka bola paipi ikhale mainchesi 4 kupita m'mwamba, ndiye ya 6 ili bwino. Koma .38 Special, chipolopolo chofookerapo, siyololedwa kusakira ngakhale imalowa mumfuti yomweyo, chikhokho chake ndi chachifupi. Muonenso kabuku ka malamulo ka chaka chino musanapite. Ndipo musadzinamize, .357 pa gwape ndi ya pafupi, ine sindiwombera kupitirira mayadi 50, ndimagwiritsa zipolopolo zolemera za 158 kapena 180 grain (muyezo wa kulemera kwa chipolopolo). Nyama kuivulaza iyo nkuthawa ndi bala ndi chinthu chowawa kwambiri, zinandichitikirapo kamodzi ndili wongoyamba kumene, ndinatsata magazi pachipale mpaka mdima osaipeza, usiku umenewo sindinadye.

Bambo a Tadala: Eeh pepani. Nanga ndikafuna kuika kagalasi koonera kaja pamwamba, yakale ingatheke? Maso anga ayamba kuvuta

Mlenje wa ku Michigan: Dash 4 inabwera ndi mabowo okonzeratu pansi pa sight yakumbuyo, kachitsulo koyang'anira powombera kaja, mumangochotsa sight nkumanga. Zakale kuposa pamenepo ndi zomwe zimafuna kuboola. Ndiye pamenepo ziwirizi zili chimodzimodzi.

Ankolo aku Texas: Mwaona? Dash 4 ili ndi zabwino za mbali zonse ziwiri. Ndikukuuzani ana inu.

Amakanika aku Elkhart: Ankolo dash 4 ngati mtundu ndi yabwino, palibe akutsutsa. Vuto langa ndi loti a Bambo a Tadala sakugula mtundu, akugula mfuti imodzi yomwe ili mugalasi muja, yomwe yakhala m'manja mwa anthu omwe sitikuwadziwa kwa zaka pafupifupi 30. Ndikuuzeni zomwe zinandichitikira. Ndinagula revolver yakale kwa bambo wina pa gun show, kunja yowala bwino, trigger yofewa zedi mpaka ndinasangalala kuti ndatola. Kufika kunyumba ndakoka hamala kumbuyo mfuti ilibe kanthu, ndangoikankha pang'ono ndi chala chachikulu, hamala yagwa yokha osakhudza trigger. Nditatsegula m'kati ndinapeza wina anapala ndi tupa pomwe hamala imakola, kufuna kufewetsa. Mfuti yotero ndi ngozi, ikhoza kulira nthawi yomwe simukufuna. Ndinalipira gunsmith, wokonza mfuti, ndalama yoti ndikanaonjezera pang'ono ndikanagula yatsopano, ndipo bamboyo sindinamuonenso.

Achemwali a Nesi: Mayo ine. Ndiye munthu wamba angadziwe bwanji zimenezo asanagule?

Amakanika aku Elkhart: Kuona maso a nkhono nkudekha achemwali. Achimwene mukapitanso kushopu musapite ndi changu, tengani tochi yaing'ono ndi feeler gauge, tizitsulo topyapyala toyezera ma plug a galimoto tija. Choyamba tsegulani silinda muone ndi maso anu kuti mabowo onse 6 alibe kanthu, ngakhale wogulitsa wanena kale kuti ilibe, ndipo pemphani chilolezo musanayambe kukoka chilichonse. Mukatero kokani hamala pang'onopang'ono kwambiri mukumvetsera, silinda ikuyenera kukhoma kuti kwe hamala isanafike kumapeto, chitani choncho pa mabowo onse 6 osadumpha ngakhale limodzi chifukwa nthawi zina asanu amakhoma bwino limodzi nkumachedwa. Hamala ili kumbuyo choncho ikankheni ndi chala mofatsa, osati mwankhanza, isagwe. Kenako gwedezani silinda kutsogolo ndi kumbuyo, kusewera kukhale kochepa kwambiri moti mukungokumva pang'ono. Mpata wa pakati pa silinda ndi paipi yezani, 0.004 mpaka 0.006 ya inchi ndi pabwino, ikamapitirira 0.010 ine ndimayamba kukayika. Walitsani tochi pakamwa pa paipi chakumbuyo, pomwe chipolopolo chimalowera chikachoka musilinda, muone ngati pali mng'alu kapena padyeka kwambiri. Pamwamba pakenso pafelemu pamakhala kamzere komwe moto umadya, kakang'ono ndi kabwinobwino pa magnum, koma kakakhala kakuya ndiye kuti mwini wake ankaidyetsa zaukali zokhazokha. Pomaliza yang'anani mitu ya masikuluwu a mbale ya kumbali, ikakhala yophwanyikaphwanyika dziwani kuti munalowa munthu wopanda zida zoyenera.

Ankolo aku Texas: Apa mnyamata wayankhula zoona zokhazokha, ndilibe chochotsapo. Za mng'alu zija ndi zomwe zinabweretsa 686 padziko. Kale apolisi kuno ankanyamula revolver ina ya kampani yomweyi, Model 19, yopepuka bwino, koma paipi yake chakumbuyo pansi anaisema kuti silinda itseke, ndiye pamenepo panali popyapyala. Atayamba kuwombera zipolopolo zopepuka zothamanga za 125 grain tsiku ndi tsiku zina zinayamba kung'aluka pomwepo. Ndiye kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 anatulutsa felemu yokulirapo ya L, 586 yakuda ndi 686 yosachita dzimbiri. Inapangidwira magnum kuchokera pachiyambi, ndi chifukwa chake sindiopa yakale.

Mlenje wa ku Michigan: Koma ankolo muwauzenso kuti zakale nazo zinali ndi zake. 1987 kampani inaitanitsa 686 zoyambirira, zopanda dash ndi dash 1, chifukwa ndi zipolopolo zina zaukali silinda inkagwira osazungulira. Zomwe anakonza anazidinda chilembo M pafelemu. Ya achimwene ndi dash 4 ndiye sizikuikhudza, koma wina akamawerenga pano asaganize kuti chilichonse chakale ndi golide.

Ankolo aku Texas: Ndavomera. Yanga yoyamba ili ndi M ameneyo.

Mphwanga wa ku Area 25: Funso la mwana, bwanji osangogula Colt Python? Ndimaiona pa YouTube anthu akuitama kwambiri

Ankolo aku Texas: Python ndi nkhani yomweyi koma ya ndalama zambiri mphwanga. Yakale inayamba 1955, ankaikonza ndi manja mmodzimmodzi, inasiya kupangidwa cha m'ma 2005, ndiye mitengo inakwera kumwamba. 2020 anaibweretsanso yatsopano pa madola 1,499, m'kati anachepetsa tizitsulo ndipo pafelemu pamwamba anaonjezera chitsulo. Yakale ikasokonekera timing, silinda osakhoma pa nthawi yake, anthu odziwa kuikonza atsala ochepa ndipo zitsulo zake nzosowa. Pa Python ineyo amene ndimakonda zakale ndingauze munthu wofuna kuwombera kuti agule yatsopano, yakale ndi yosunga. Koma 686 si choncho, gunsmith aliyense amaidziwa.

Amakanika aku Elkhart: Amaidziwa inde, koma kamsomali ka pahamala kaja kakathyoka mudzakasakasaka, kampani inasiya njira imeneyo kalekale. Ndipo chinanso achimwene, yatsopano imabwera ndi lonjezo la kampani lokonza kwa moyo wonse kwa mwini wake woyamba. Yakaleyo inu simuli woyamba. Ngati ndi mfuti yanu yoyamba ndipo simukufuna mutu kuwawa, ine ndikanatenga yatsopano, madola 50 otsalawo nkugula zipolopolo za .38 zophunzirira.

Mlenje wa ku Michigan: Komanso yatsopano mukhoza kupeza ya Plus ya mabowo 7. Ngakhale posaka chipolopolo chachiwiri chomwe sumachipezera mpata, gwape sadikira.

Bambo a Tadala: Abale mwandipatsa zambiri. Kunena zoona mtima wanga uli pa yakale ija kuyambira pomwe ndinaigwira, m'manja inakhala ngati yanga kale, ndipo kabowo kaja pa yatsopano diso langa limangopita pomwepo. Koma zomwe anena amakanika zandiopsa. Ndipita Lachitatu ndikaweruka ndi tochi ndi gauge, ikalephera chimodzi chokha pa zomwe mwatchulazi nditenga yatsopano osayang'ananso m'mbuyo.

Ankolo aku Texas: Ndi bwino choncho. Ufunsenso ngati angakulole kuibweza gunsmith akaipeza ndi vuto, mashopu ena amapereka masiku angapo. Ndipo yatsopanoyo nayonso uiyeze chimodzimodzi, kukhala m'bokosi sikutanthauza kuti ili bwino, uone ngati paipi anaimanga mowongoka, sight yakutsogolo isapendekere mbali.

Amakanika aku Elkhart: Eya zimenezo ndinaiwala, zikomo ankolo.

Bambo a Tadala: Ndabwerako abale. Ndinakhala mushopu muja pafupifupi ola lathunthu, mwini shopu mpaka anandibweretsera mpando ndipo anandibwereka gunsmith wawo kuti tionere limodzi. Yakale ija mabowo onse 6 akukhoma hamala isanafike, bowo limodzi likukhoma mochedwerapo pang'ono kuposa anzake koma likukhoma ndithu, ndinabwereza kanayi. Hamala ndinaikankha siikugwa. Mpata 0.006 inalowa, 0.007 inakana. Kamzere ka moto kalipo koma chikhadabo sichikukolamo kwenikweni. Sikuluwu imodzi yokha ya kutsogolo ndi yomwe ili ndi kachipsera, gunsmith anati imeneyo anthu amaimasula pochotsa silinda kuti atsuke, atatsegula mbale m'kati munali mafuta akale ouma ngati phula koma palibe pomwe tupa inadutsa. Anatsuka, anandichotsera madola 30, ndadzaza fomu, ndatenga yakale.

Ankolo aku Texas: Mwana wanga wandisangalatsa. Uisamale, idzafika kwa Tadala imeneyo akadzakula.

Amakanika aku Elkhart: Zabwino zonse achimwene, mwagula ndi maso osati ndi makutu ndiye ine ndilibe mawu. Bowo lochedwa lija muziliyang'anira, mulidinde ndi kadontho ka marker kuti muzilidziwa, likadzayamba kusakhoma musawomberenso mpaka akonze. Ndipo osamatseka silinda moiponya ndi dzanja limodzi ngati a m'mafilimu, zimapinda kachitsulo konyamula silinda.

Mlenje wa ku Michigan: Loweruka yambani ndi .38 mabokosi awiri kaye kuti dzanja lizolowere musanalowe ku magnum, apo ayi mudzayamba kutsinzina musanawombe ndipo chizolowezi chimenecho chimavuta kuchichotsa. Mukamaliza .38 tsukani mabowo a silinda ndi burashi, imasiya mkombero wa mwaye pomwe chikhokho chachifupi chimathera ndiye .357 imakanika kulowa bwino. Zotseka m'makutu valani ziwiri, zolowetsa ndi zovala pamwamba, magnum mu range ya m'nyumba imalira moopsa.

Achemwali a Nesi: Ndipo mukafika kunyumba ilowe musefa musanavule ndi nsapato zomwe. Nambala ya sefa Mayi a Tadala aidziwe, ana ayi.

Bambo a Tadala: Ili kale m'menemo achemwali, anakhoma ndi mayi akewo ndi manja awo. Alenje, burashi ya silinda ndigule ya saizi yanji, yomweyo ya paipi ikwana?

Mlenje wa ku Michigan: Tengani yokulirapo pang'ono, ya .40 imagwira bwino m'mabowo a silinda, koma mupaipi muzilowetsa ya .357 yokha. Loweruka ndili free, ngati mukupita m'mawa ndiuzeni nthawi nditsike, kuchokera kuno ndi ola limodzi basi.